Kupita ndi vinyo wanu kumalo odyera ku England ndi Wales: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu okhala ku England ndi Wales, ena ofuna kukadya kunja atatenga botolo lawo, ena okonza maukwati ndi maphwando m'maholo obwereka, ndiponso ena amene ali ndi malo ang'onoang'ono ogulitsira zakudya. Mayankho atsamira pa lamulo la Licensing Act 2003, lomwe linayamba kugwira ntchito mu November 2005. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, choncho zimene zalembedwa pano zisatengedwe ngati za dziko lonse la Britain, kupatula pamene zanenedwa choncho.

Kodi n'zololedwa kulowa mu lesitilanti ndi vinyo amene ndagula kwina?

Inde, ngati eni malowo avomera. Palibe lamulo ku England ndi Wales loletsa munthu wamkulu kumwa vinyo wake pamene akudya mu lesitilanti. Chimene lamulo la 2003 limayang'anira ndi kugulitsa mowa, osati kumwa, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumayankha pafupifupi mafunso onse otsatirawa. Botolo limene mwagula kusitolo linagulitsidwa kale ndi munthu amene ali ndi laisensi, ndipo kulitsegulira pa tebulo la malo ena si kuligulitsanso.

Kodi lesitilanti imafunika laisensi kuti ilole makasitomala kubwera ndi vinyo wawo?

Ayi. Ntchito zofuna laisensi pansi pa lamuloli ndi zinayi: kugulitsa mowa, kupereka mowa kwa mamembala a kalabu, zosangalatsa zina zochitikira pagulu, ndi kugulitsa chakudya kapena chakumwa chotentha pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Kulola anthu kumwa mowa wawo sikuli pamndandandawu. N'chifukwa chake mumaona malo ena atalemba BYO kapena BYOB pakhomo, kusonyeza kuti iwo sagulitsa mowa koma mukhoza kubwera nawo.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchisamala. Lesitilanti imene imagulitsa chakudya chotentha kupitirira 11 koloko usiku imayenera kukhala ndi laisensi ngakhale isagulitse mowa, ndipo khonsolo ikhoza kuika pa laisensiyo mfundo yoletsa kumwera mowa pamalopo, makamaka ngati anthu oyandikana nawo kapena apolisi anadandaulapo za phokoso ndi ndewu. Mfundo yotereyi ikalembedwa, mwini malo sangaiphwanye ngakhale atafuna kukukomerani mtima.

Ngati lamulo silikuletsa, n'chifukwa chiyani malo ambiri amakana?

Chifukwa malowo ndi a eni ake, ndipo lamulo silipatsa kasitomala ufulu wolowa ndi chakumwa chake. Malesitilanti ambiri amene ali ndi laisensi amadalira phindu la zakumwa kuti alipire lendi ndi antchito, popeza phindu la pa chakudya limachepa akachotsa mtengo wa zophikira ndi wa ophika. Mwini akakana botolo lanu sakuphwanya lamulo lililonse, ndipo kukangana naye pakhomo sikungasinthe kanthu. Chimene sangachite ndi kukana inu n'kulola ena chifukwa cha mtundu wanu, khungu lanu kapena chipembedzo chanu, pakuti zimenezo zimaletsedwa ndi lamulo la Equality Act 2010.

Njira yaulemu ndi kuimba foni kapena kufunsa pamene mukusungitsa tebulo. Kubisa botolo m'chikwama n'kumathira mozemba pansi pa tebulo kukhoza kukutulutsitsani panja, ndipo eni malo amakhala ndi ufulu wonse wochita zimenezo.

Kodi corkage n'chiyani, ndipo lamulo linaika malire a mtengo wake?

Corkage ndi ndalama imene lesitilanti imalipiritsa pokulolani kumwa botolo lanu pamalo pake. Ndalamayi imalowa m'malo mwa phindu limene akanapeza mukanagula vinyo wawo, komanso imalipira ntchito yotsegula botolo, kuliziziritsa, kukupatsani matambula ndi kuwatsuka. Lamulo silinaike mtengo wocheperapo kapena wokwererapo. Malo ena salipiritsa n'komwe, ena amatenga mapaundi ochepa pa botolo kapena pa munthu, pamene malesitilanti odula a ku London amatha kufika pa mapaundi makumi angapo pa botolo limodzi.

Ngakhale mtengo uli m'manja mwa mwini malo, malamulo oteteza ogula amafuna kuti munthu adziwe mtengo asanagwirizane nawo. Ndalama imene yangotulukira pa bilu popanda kutchulidwa pa menyu, pa chikwangwani kapena pakamwa ndi yoyenera kuifunsa. Pofunsa, dziwani ngati akuwerengera botolo kapena munthu, ngati botolo lalikulu limawerengedwa ngati awiri, ndiponso ngati ndalama ya utumiki imene malo ambiri amaonjezera pa bilu idzawerengedwanso pa corkage. Magulu a anthu ambiri ndi amene amadzidzimuka kwambiri pa mfundo zimenezi.

Kodi kulipiritsa corkage pamalo opanda laisensi si kugulitsa mowa mozembera?

Ayi, malinga ngati mowawo unabwera ndi kasitomala. Chimene mukulipira ndi ntchito ndi malo, pamene vinyoyo anali wanu kale musanalowe.

Koma malire ake ndi opyapyala, ndipo apa ndi pamene eni mabizinesi ang'onoang'ono amagwera m'mavuto popanda cholinga choipa. Ngati lesitilanti yopanda laisensi isunga mabotolo kuseri n'kumapatsa makasitomala amene aiwala kubwera ndi awo, kenako n'kulemba ndalamayo ngati corkage, kumeneko ndi kugulitsa mowa. Ngati ilengeza kuti aliyense wogula chakudya cha mtengo wakutiwakuti alandira tambula ya vinyo yaulere, makhonsolo amaona kuti mtengo wa vinyoyo wabisala mu mtengo wa chakudya, ndipo kumenekonso ndi kugulitsa. N'chimodzimodzi kuika mbale ya zopereka imene aliyense wofuna kumwa ayenera kuponyamo kanthu. Kugulitsa mowa popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa ndime 136 ya lamuloli, ndipo chilango chake chikhoza kukhala kukhala m'ndende mpaka miyezi 6, chindapusa chopanda malire, kapena zonse ziwiri.

Kwa mwini malo amene alibe laisensi, njira yosakayikitsa ndi yakuti kasitomala apite yekha kusitolo, agule ndi ndalama zake, abwere nalo botolo m'manja mwake. Kutuma woperekera zakudya kuti akagule, ndalama n'kudutsa mu thilu ya lesitilanti, kumasokoneza funso lakuti wagulitsa ndani, ndipo n'kosafunika kudziika pamalo oti mukafotokoze zimenezo kwa ofisala wa khonsolo.

N'chifukwa chiyani malo ambiri a zakudya za ku Pakistan, Bangladesh ndi India ndiwo amalola zimenezi?

Eni ake ambiri ndi Asilamu amene safuna kugulitsa mowa kapena kudya phindu lake, koma amadziwa kuti makasitomala awo ena amakonda kumwa pakudya. Kulola munthu kubwera ndi chakumwa chake kumawathandiza kusunga chikhulupiriro chawo popanda kuthamangitsa makasitomala. Tayyabs ya ku Whitechapel, kum'mawa kwa London, ndi chitsanzo chodziwika cha malo otere. Komabe si malo onse opanda mowa pa menyu amene amalola botolo lanu. Ena safuna mowa pamalo pawo ngakhale pang'ono, ndipo kufunsa musanapite ndi njira yolemekezera chisankho chawocho.

Mtengo wa laisensi pawokha si chopinga chachikulu ku England. Ndalama yofunsira laisensi ya malo imayambira pa £100 kufika pa £635 molingana ndi mtengo umene boma linauwerengera malowo, ndipo pamakhalanso ndalama ya chaka ndi chaka. Chimene chimatopetsa ambiri ndi ndondomeko yake: kupachika chidziwitso pamalopo kwa masiku 28, kulengeza m'nyuzipepala ya m'deralo, kudikira ngati apolisi kapena oyandikana nawo atsutse, ndi kupeza munthu wokhala ndi laisensi yakeyake amene adzakhale woyang'anira kagulitsidwe ka mowa.

Kodi chilolezochi ndi cha vinyo yekha, kapena ndingatengenso mowa wina?

Lamulo silisiyanitsa vinyo ndi mowa wina pa nkhaniyi, koma eni malo amasiyanitsa. Ambiri amalola vinyo ndi mowa wa m'mabotolo kapena m'zitini, n'kukana mowa waukali monga whisky ndi gin, chifukwa umaledzeretsa msanga ndipo umabweretsa mavuto. Amene mwasunga botolo la Malawi Gin kuti mukatsegule pa tsiku lapadera, funsani mwachindunji, osaganiza kuti mawu akuti BYO akuphatikiza chilichonse. Zakumwa zoziziritsa kukhosi kawirikawiri saloleza kubwera nazo, popeza ndi zimene iwo amagulitsa.

Vinyo kapena mowa wofulula nokha kunyumba ndi wololedwa ku Britain ngati ndi womwa nokha osati wogulitsa. Kutcheza mowa monga mmene amatchezera kachasu ndi nkhani ina, pakuti kumafuna laisensi ya HMRC, bungwe lotolera misonkho, ngakhale mutati mukutchezera banja lanu lokha. Dziwaninso kuti lamulo la 2003 limawerenga chakumwa kukhala mowa chikapitirira mphamvu ya 0.5 peresenti, choncho wogulitsa thobwa pa phwando asamale kuti lisasase mpaka kusanduka mowa.

Nanga ana ndi achinyamata osafika zaka 18?

Pamalo okhala ndi laisensi, ndime 150 ya lamulo la 2003 imaletsa munthu wosafika zaka 18 kumwa mowa, ndipo zilibe kanthu kuti botololo labwera ndi makolo ake. Kupatulapo kwake n'kumodzi: wachinyamata wa zaka 16 kapena 17 akhoza kumwa vinyo, mowa wamba kapena cider (mowa wa maapozi) pamene akudya chakudya chokhalira pa tebulo, ngati ali ndi munthu wamkulu. Mowa waukali suli m'gulu limeneli, ndipo mwini malo akhozabe kukana.

Ndime imeneyi inalembedwera malo okhala ndi chilolezo, choncho siifika mofanana pa lesitilanti yopanda laisensi iliyonse. Izi sizikutanthauza kuti kumeneko n'kotayirira. Kupatsa mowa mwana wosafika zaka 5 ndi mlandu pansi pa lamulo la ana la 1933, kugulira mowa kusitolo wachinyamata wosafika zaka 18 amene wakutumani ndi mlandu, ndipo eni malo anzeru amatsatira msinkhu wa zaka 18 ngakhale alibe laisensi. Kholo limene lakanizidwa kuthirira mwana wake lisaone ngati lanyozedwa.

Ngati kasitomala waledzera ndi mowa wake womwe, udindo ndi wa yani?

Mlandu wogulitsa mowa kwa munthu woledzera kale sukhudza botolo limene munthu wabwera nalo, popeza palibe chimene chagulitsidwa. Koma pamalo a laisensi, kulekerera chisokonezo ndi mlandu kwa ogwira ntchito, ndipo woledzera amene akana kutuluka atauzidwa ndi woyang'anira malo kapena wapolisi amapalamulanso. Pamalo opanda laisensi mwini ali ndi ufulu wouza munthu kuti asiye kumwa kapena atuluke, ndipo phokoso la usiku likhoza kumubweretsera madandaulo kukhonsolo.

Vuto lenileni la kumwa botolo lanu ndi lakuti palibe amene akukuyezerani. Botolo la mamililita 750 la vinyo wa 12 peresenti lili ndi mayuniti 9 a mowa (yuniti ndi muyeso wa kuchuluka kwa mowa m'chakumwa), pamene akuluakulu a zaumoyo ku Britain amalangiza kusapitirira mayuniti 14 pa sabata. Anthu awiri akagawana botolo limodzi, n'kosavuta kuti woyendetsa galimoto apitirire malire a lamulo, omwe ku England ndi Wales ndi mamiligalamu 80 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Ku Scotland malirewo anatsitsidwa kufika pa 50 mu December 2014. Wopezeka wolakwa amalandidwa chilolezo choyendetsera galimoto kwa miyezi yosachepera 12, ndipo kwa munthu amene ntchito yake imadalira galimoto, monga ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo, chilango chimenechi chimatha kumuchotsera ntchito yomwe.

Kodi ndingabwerere nalo botolo limene latsala?

Inde, ndi lanu. Litsekeni bwino n'kuliika m'chikwama. England ilibe lamulo la dziko lonse loletsa kunyamula botolo lotsegulidwa, koma makhonsolo ambiri anakhazikitsa madera amene wapolisi kapena ofisala wovomerezeka akhoza kukuuzani kuti musiye kumwa kapena mupereke chakumwacho, pogwiritsa ntchito mphamvu za lamulo la 2014 lolimbana ndi makhalidwe osokoneza. Mlandu umabwera mukakana kumvera. Ku London, kumwa mowa kapena kunyamula mowa wotsegula m'mabasi ndi m'sitima za Transport for London kunaletsedwa kuyambira mu June 2008.

Tikukonza ukwati mu holo yobwereka. Kodi tingabweretse zakumwa zathu?

Yambani ndi mgwirizano umene mwasaina ndi eni holo. Mahotela ndi maholo okhala ndi bala yawo kawirikawiri amaletsa zakumwa zakunja kapena amalipiritsa corkage pa botolo lililonse, ndipo pa ukwati wa alendo mazana awiri ndalama imeneyi imatha kupitirira mtengo wa vinyo weniweniyo. Maholo ambiri a matchalitchi ndi a m'madera amalola, ngakhale ena a mipingo safuna mowa n'komwe. Mfundo zimenezi zilembedwe musanapereke dipoziti, chifukwa lonjezo la pakamwa limavuta kulitsimikizira pa tsiku la mwambo.

Kumbali ya lamulo, ngati akomiti agula zakumwa n'kuzipereka kwa alendo oitanidwa popanda kulipiritsa chilichonse, palibe kugulitsa ndipo laisensi ya mowa siifunika. Ndalama za perekaniperekani zimene alendo amafupa mwaufulu si mtengo wa chakumwa, malinga ngati wosafupa sakumanidwa tambula. Zinthu zimasintha pakakhala bala yolipira, kapena tikiti yolowera imene mkati mwake muli chakumwa, monga zimachitikira pa maphwando a 6 July ndi pa zochitika zotolera ndalama zimene magulu a Amalawi amakonza. Pamenepo mowa ukugulitsidwa, monga tafotokozera pa funso la corkage pamalo opanda laisensi.

Ngati holoyo ilibe laisensi yogulitsira mowa, njira yake ndi chidziwitso chotchedwa Temporary Event Notice, chimene chimaperekedwa kukhonsolo ya deralo. Mtengo wake ndi £21, chimagwira ntchito pa mwambo wa anthu osapitirira 499 kuphatikiza ogwira ntchito, ndipo mwambowo usapitirire maola 168. Chiyenera kufika kukhonsolo patatsala masiku 10 ogwira ntchito kapena kuposerapo, osawerengera tsiku loperekera ndi tsiku la mwambo. Pali chidziwitso cha mochedwa chimene chimalandiridwa patatsala masiku 5 mpaka 9 ogwira ntchito, koma apolisi kapena a zaumoyo wa malo akachitsutsa, nkhani imathera pomwepo popanda mwayi wokamvedwa. Munthu wopanda laisensi yakeyake akhoza kupereka zidziwitso 5 pa chaka. Poyerekeza ndi chilango cha ndime 136, £21 ndi ndalama yochepa kwambiri, ndipo komiti iliyonse yofuna kugulitsa zakumwa iyenera kuika ntchito imeneyi pa munthu mmodzi wodziwika kuyambira pa msonkhano woyamba.

Kodi ndingagwiritse ntchito vinyo amene ndabwera naye kuchokera kunja kwa dziko?

Inde, ngati analowa movomerezeka. Kuyambira mu January 2021, munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo wolowa ku England, Wales kapena Scotland akhoza kubweretsa popanda msonkho malita 18 a vinyo wosathovoka, omwe ndi mabotolo 24, ndi malita 42 a mowa wamba, kuphatikizapo malita 4 a mowa waukali kapena malita 9 a vinyo wothovoka ngati champagne. Zimenezi ziyenera kukhala zomwa inu mwini kapena zopereka ngati mphatso. Amene mwadutsira ku South Africa n'kugula vinyo wa ku Stellenbosch mukhoza kukamwera ku lesitilanti imene yakulolani, koma simungamugulitse pa bala ya phwando.

Kodi malamulowa ndi ofanana ndi a mayiko ena?

Ayi, ndipo amene amayenda asatengere chizolowezi cha ku England kulikonse. Ku United States chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Ku New Jersey, komwe malaisensi ogulitsira mowa womwera pamalo amaperekedwa laisensi imodzi pa anthu 3,000 aliwonse a m'tauni ndipo amagulidwa pa madola zikwi mazanamazana, malesitilanti opanda laisensi amaloledwa kulandira vinyo ndi mowa wamba wa makasitomala, koma saloledwa kulipiritsa corkage kapena kulandira mowa waukali. Matauni a kumeneko ali ndi mphamvu yoletseratu mchitidwewu, ndipo anthu a ku Ocean City anavota mu 2012 kukana kuuloleza. Lamulo loletsa malesitilanti a m'chigawochi kulengeza kuti ndi a BYOB linathetsedwa ndi khoti mu 2018.

Ku New York ndi zosiyana kwambiri ndi ku England, pakuti lesitilanti imayenera kukhala ndi laisensi kuti ilole makasitomala kubwera ndi mowa, kupatula malo aang'ono osakwana anthu 20. Ku Canada, chigawo cha Quebec chimafuna kuti lesitilanti ikhale ndi chilolezo chochitira zimenezi, ndipo malo otere ndi ochuluka ku Montreal, pamene Ontario inayamba kulola vinyo wa makasitomala mu 2005 m'malesitilanti okhala ndi laisensi okha. Ku Scotland kubwera ndi botolo lanu kumachitikanso, koma masitolo amagulitsa mowa wotenga pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku basi, choncho wosungitsa tebulo la usiku kwambiri ku Edinburgh kapena ku Glasgow agule botolo lake nthawiyo isanakwane.